Za Mtsuko wa Amayi Anga ndi Manja Amene Adauumba



Abale anga okondedwa a m'mabanja achikhristu, inu amene mumva mawu a kalata iyi madzulo pabwalo ntchito ya tsiku itatha, landirani moni wa mtendere. Mwezi uno wa Okutobala ndiwo mwezi wa Korona, m'mene Eklezia atiitana kuti tilemekeze Amayi Maria. Ndiponso pa 15 mwezi womwewu dziko lathu la Malawi likumbukira amayi onse amene adatibala. Ndiwonso mwezi wa dzuwa loopsa, pamene nthaka itentha kumapazi, ndipo munthu wochokera ku ulendo sakhumba china koma chikho cha madzi ozizira a mumtsuko. Chifukwa cha zitatu izi ndatsimikiza mtima kukulemberani za mtsuko wina umene uli m'nyumba mwanga, ndi za mayi amene adauumba. Ndine munthu wokalamba tsopano, ndipo m'kati mwa nkhani iyi muli kulakwa kwanga; koma ndiinena poyera, kuti kapena mnyamata wina wophunzira aimve, nalewe chimene ndidachita ine.

Kwathu ndi kwa Chikweo, m'boma la Machinga, chakum'mawa kumene dziko litsetserekera ku nyanja ya Chiuta, ndipo patsogolo pake pali malire a Mozambique. Anganga, amayi awo a amayi anga, adali Mlomwe. Adalowa m'dziko lino ali mtsikana, pamodzi ndi makamu a Alomwe amene ankathawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Ayao amene adawapeza kuno adawalandira, nawaloza pomanga ndi polima. Ndipo kufikira lero tikhala nawo pamodzi, iwo ambiri Asilamu, ife Akhristu, koma chitsime chimodzi. Anganga adafika opanda mbuzi, opanda nsalu yachiwiri. Chuma chawo chonse chidali kamwala kosalala kamene adakamangirira pa nsonga ya nsalu, kamene tikatcha nkhulungo, ndi nzeru ya kuumba imene idali m'manja mwawo. Nzeru imeneyi adaphunzitsa mwana wawo wamkazi, ndiwo amayi anga; pakuti kwathu kuno, monga mbumba iyenda kuchikazi, momwemonso kuumba mbiya kuyenda kuchokera kwa mayi kunka kwa mwana wake wamkazi.

Ana a masiku ano ayesa kuti mphika umera wokha pamsika. Tamverani tsono m'mene amayi ankagwirira ntchito yawo. Zokolola zitalowa m'nkhokwe, ankalawirira mbandakucha ndi khasu ndi dengu kunka m'mbali mwa dambo, kumene ankadziwa dzenje la dongo labwino. Si dothi lililonse liumbika. Lina ndi lamchenga, liphwanyika, lina ndi lonona kwambiri, ling'aluka pouma. Akafika nalo kunyumba ankaliwaza madzi ndi kulivundikira masiku angapo, kenaka nkulisinja pamwala, akutola timiyala ndi timizu ndi zala zawo, pakuti kamwala kamodzi kotsala m'dongo kakwanira kuphulitsa mphika pamoto. Ankaperanso mapale a miphika yakale kukhala ufa, nkusakaniza ndi dongo latsopano kuti lilimbe. Ine ndili mwana ndidawafunsa chifukwa chake, ndipo adandiyankha akuseka, nati: "Mphika watsopano suima wopanda wakale m'kati mwake."

Pamenepo ankakhala pamthunzi wa mango, miyendo itatambasulidwa, naika mbulunga ya dongo paphale, naibowola ndi nkhonya, nayamba kukweza makoma ake ndi zala, akuonjezera timizere ta dongo topotedwa ngati chingwe. Makina ozungulira adalibe. Phale lokha ndilo ankalitembenuza pang'onopang'ono, koma mtsuko unkatuluka wobulungira ngati mwezi wathunthu. M'kati ankapala ndi chigoba cha nkhono ya kunyanja, kunja ankasalaza ndi chitsononkho, ndipo mlomo wake ankaukonza ndi kansanza konyowa. Dongo likayamba kugwirana ankalemba mphini zake m'khosi ndi kamtengo kosongola, nalikulungiza ndi nkhulungo ija ya anganga kufikira linyezimira. Chitatha ichi miphika inkauma m'nyumba masiku ambiri, kutali ndi dzuwa ndi mphepo. Tsiku la kuotcha lidali tsiku la mantha. Madzulo, mphepo itagona, ankaunjika miphika pa makungwa ouma, naiphimba ndi nkhuni ndi udzu, nayatsa moto. Ndipo ife ana tinkakhala chete, tikumvetsera. Ukamveka mkokomo wa kuphulika, tinkadziwa kuti ntchito ya sabata yathunthu yapita. M'mawa mwake ankagogoda uliwonse ndi chala: wolira bwino ngati belu ndiwo wamoyo, wolira mogonthera ndiwo uli ndi mng'alu wobisika.

Ankaumba nkhali za nsima, miphika ya ndiwo, mikhate yosambira, mbiya zazikulu za thobwa, ndi mitsuko ya madzi. Mtsuko uli ndi nzeru yake imene ndidaimvetsa nditakula: dongo lootchedwa lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, madzi ayenda m'menemo pang'onopang'ono nafika kunja ngati thukuta, ndipo pouma ndi mphepo atenga kutentha kupita nako, chotero madzi otsala m'kati azizira, chingakhale dzuwa liswe mtengo. Amayi sadaphunzire mawu awa m'buku, koma ankadziwa kukula kwa khoma loyenera, kuti lisadonthe ndiponso lisatseke mpweya.

Ndalama zidali zosowa masiku amenewo. Kawirikawiri mtengo wa mphika udali chimanga, mpunga kapena nandolo wodzaza mphika womwewo. Wogula ankaudzaza, nakhuthulira m'dengu la amayi, natenga mphika wake. Koma sukulu sinkalandira nandolo. Achinyamata dziwani kuti sukulu ya pulayimale yaulere idayamba mu 1994. Kale lonse kholo linkalipira, ndipo m'masiku anga tinkalipira mashilingi, pakuti kwacha ndi tambala zidadza mu 1971. Bambo anga ankapha nsomba, koma zaka zina nyanja inkawamana. Mu 1968, chaka chimene nyanja ya Chilwa idaphwa ndipo asodzi ambiri adasowa pogwira, amayi ankasenza miphika isanu ndi umodzi yomangidwa m'nsalu, akuyenda pansi mudzi ndi mudzi kufikira atapeza wogula ndi ndalama. Mwa ana onse a m'nyumba mwathu ine ndekha ndidapitirira sukulu. Buku lililonse limene ndidatsegula, ndi kabudula aliyense amene ndidavala, zidatuluka m'dzenje lija la dongo. Ndipo kwathu tinkadyera m'miphika yopindika ndi yong'aluka milomo, pakuti yokongola yonse inkapita kwa anthu.

Tsono ndifike pa kulakwa kwanga. Nditatsiriza maphunziro adandituma kukaphunzitsa pa sukulu ina ya kufupi ndi Balaka, ndipo ndidakwatira, nkukhala m'nyumba ya malata. Ndidagula ndowa yachitsulo, mapoto onyezimira ndi makapu agalasi, ndipo mumtima mwanga ndinkati ndatuluka m'fumbi. M'chilimwe cha 1977 amayi adabwera kudzaona nyumba yanga kwa nthawi yoyamba. Adayenda pansi kufikira pa msewu waukulu, nakwera galimoto kudzera ku Ntaja ndi ku Liwonde, njira yonseyo atafungatira mtsuko pamiyendo ngati khanda, kuopa kuti ungasweke. Adafika masana a Lamulungu, ine ndili pakhonde ndi aphunzitsi anzanga, tonse titavala mataye. Ndidawaona akulowa pabwalo opanda nsapato, fumbi lili mbuu kumapazi, mtsuko uli pankhata. Ndipo m'malo mwa chimwemwe, manyazi adandigwira pakhosi. Ndidawalonjera mwachidule, ndidauza mkazi wanga kuti awatengere kukhitchini, ndipo za mtsukowo ndidanena mokweza, kuti alendo amve: "Amayi, mwavutikiranji ndi zimenezi? Kuno tili ndi ndowa." Anzanga adaseka pang'ono. Amayi sadayankhe kanthu pamenepo. Potsazika, patapita masiku atatu, adangoti: "Mwana wanga, mtsukowo uuike pamthunzi. Ukausiya padzuwa wopanda madzi ung'aluka."

Sindidauike pamthunzi ine. Ndidausiya kuseri kwa khitchini, ndipo ndidauiwala. Ndinkatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkadziyesa mwana wabwino wosunga lamulo lachinayi. Amayi adatisiya mu 1993, atalandira masakramenti otsiriza, Mulungu awapatse mpumulo wosatha. Pamaliro ndidalira monga alira ana onse, koma za tsiku lija la pakhonde sindidapepese, ndipo sadalitchulenso iwo kufikira imfa.

Maso anga adatsegukira kutali ndi kwathu. Zaka khumi zitapita chimwalirire amayi, ndidapita ndi Akhristu anzanga ku Mua, m'boma la Dedza, ku mishoni imene ansembe a White Fathers adaitsegula mu 1902. Kumeneko kuli malo otchedwa Kungoni, amene Bambo Claude Boucher Chisale adawayambitsa mu 1976, kuti amisiri a dziko lino aseme ndi kujambula za chikhulupiriro ndi za miyambo yathu monga momwe maso athu azionera. Ndipo zosema zawo zafika ndi m'matchalitchi a ku Ulaya komwe. Pali ndi nyumba ya Chamare yosungira za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pakati pa zosema zambiri ndidaona amayi osinja, amayi osenza madzi, amayi obereka ana kumsana. Kenaka ndidaima patsogolo pa chifanizo cha Amayi Maria chosemedwa pamtengo wa kwathu konkuno: nkhope yakuda, mphuno ndi milomo yathu, nsalu yomangidwa pachifuwa monga amangira amayi a kumudzi, ndi mapazi opanda nsapato. Ndidachotsa chipewa, ndidagwada. Ndili chogwada chomwecho mtima udandifunsa: "Iwe, mapazi awa ukuwagwadira lero chifukwa ndi a mtengo, nanga aja a fumbi, amene adayenda kuchokera kwa Chikweo kudza pakhonde pako, udawalandira bwanji?" Pamenepo mwambi wa akulu udandilasa, uja wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Nditabwerera kunyumba ndidafunsa mkazi wanga ngati akumbukira kumene mtsuko uja udatayikira. Adandiyang'ana modabwa, nati: "Bambo, nanga madzi amene mumamwa zaka zonsezi mumayesa amazizira ndi chiyani? Ndowa yanu ija idabooka kalekale." Iye adautola tsiku lomwe amayi adachoka, nauphikira phala la gaga monga achitira ndi chiwiya chatsopano, nauika pakona ya khitchini; ndipo posamuka paliponse ankaukulunga m'bulangete. Ine, mwamuna wophunzira, ndidamwa madzi a mtsuko wa amayi anga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osafunsa kumene achokera. Inu abambo, mudziwa zingati za m'khitchini mwanu?

Nditapuma pa ntchito tidabwerera kwa Chikweo, ndipo mtsuko udabwerera kwawo. Tsiku lina achemwali anga aakulu, amene adaphunzira kuumba kwa amayi, adadzatichezera. Ataona mtsukowo adakhala pansi, nauzunguliza ndi manja, nayamba kugwetsa misozi. Adati: "Achimwene, kodi mudauwerenga?" Ndidati: "Achemwali, palibe malemba apa." Adati: "Inu ndi sukulu yanu! Bweretsani chala." Adagwira chala changa nachiyendetsa m'khosi mwa mtsuko. Mzere wokhotakhota wozungulira khosi lonse, adati, ndiwo madzi amene anganga adaoloka pobwera kuno. Mphini zitatu zotsatana pansi pake ndiwo anganga, amayi, ndi iwo achemwali, amayi atatu a nkhulungo imodzi. M'munsi mwake mudali timfundo ta dongo, ndipo adandiuza kuti ndiwerenge. Ndidapeza zizindikiro zisanu ndi zinayi: zisanu zotukuka, zinayi zolowa m'kati ngati pamene munthu wadinda ndi chala. "Ndife ana a amayi," adatero. "Zotukuka ndi amoyo. Zolowa ndi amene adagona. Ichi chachiwiri ndi mwana amene adapita ndi njala ya 1949, inu musanabadwe."

Pa chizindikiro chachisanu ndi chiwiri padali kamtanda kakang'ono, kamene ndidakaona kambirimbiri osakasamala. Achemwali adati: "Ameneyu ndinu. Muli ndi miyezi yochepa mudadwala chikuku, ndipo usiku wina tidaona kuti mukupita. Ansembe adali kutali, aphunzitsi adali paulendo. Amayi adakumbukira zimene adaphunzira m'kalasi ya ubatizo, kuti pa ngozi ya imfa munthu aliyense akhoza kubatiza. Adatunga madzi mumtsuko, nakuthirani pamutu katatu, akutchula maina a Utatu Woyera. M'mawa mudayamwa. Ansembe atabwera adangotsiriza miyambo yotsala." Abale anga, ndidali ndi zaka zoposa makumi asanu pamene ndidamva kuti amene adandilowetsa mu Eklezia ndi mayi yemwe uja ndidamtumiza kukhitchini. Zolemba izi sudali mwambo wa amisiri onse. Idali njira yawoyawo ya amayi, ndipo adailemba pa mtsuko umodzi wokha, wa mwana wawo wodziwa kuwerenga, poyesa kuti iyeyo ndiye adzafunsa. M'kati mwa mlomo wake muli chidindo cha chala chawo chachikulu, chimene moto udachilimbitsa. Amayi sadajambulitse chithunzi m'moyo mwawo. Chimene ndili nacho ndi chimenechi.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunafuna mbiri za amayi ena akuda amene adalemba moyo wawo ndi manja, ndipo ndapeza kuti amayi anga ali ndi abale ambiri. Ku America, m'dera la Georgia, kudali mayi wina dzina lake Harriet Powers, wobadwira mu ukapolo mu 1837. Iyeyu ankasoka zofunda polumikiza tizidutswa ta nsalu, ndipo pa chofunda china adasokapo zithunzi 11 za nkhani za m'Malembo Oyera, kuyambira Adamu ndi Eva kufikira mtanda wa Ambuye. Chidaonetsedwa pa chionetsero cha mu mzinda wa Athens mu 1886. Mphunzitsi wina wachizungu, Jennie Smith, adafuna kuchigula, koma mwini wake adakana. Patapita zaka zochepa umphawi udamkakamiza, nachigulitsa madola 5 okha. Koma asadachipereke adafotokoza tanthauzo la chithunzi chilichonse, ndipo wogulayo adalemba zonse. Harriet Powers adamwalira mu 1910, ndipo chofunda chake chisungidwa lero ku Smithsonian, mu mzinda wa Washington. Taonani: chiwerengeka kufikira lero chifukwa padapezeka munthu mmodzi womvetsera ndi kulemba. Ku Nigeria nako kudali Ladi Kwali, woumba mitsuko ngati amayi anga, amene adaphunzira ntchitoyi kwa mayi wa pachibale pake, nakongoletsa mitsuko yake ndi abuluzi, nsomba ndi mbalame. Mu 1954 adalowa pa sukulu ya zoumba ya ku Abuja, mbiri yake idafika maiko akutali, ndipo atamwalira mu 1984 dziko lake lidaika chithunzi chake pa ndalama ya pepala ya 20 naira.

Ngakhale m'dziko lathu lino, mbiri yakale kwambiri siidalembedwe papepala. Akatswiri ofukula zakale adapeza mapale ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, amene akhala m'nthaka zaka zoposa 1,500. Ndipo ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kudali likulu la Amaravi, katswiri wathu Yusuf Juwayeyi adafukula mapale ochuluka. Poyang'ana maumbidwe a milomo ndi mphini za m'khosi, iwo azindikira mibadwo ya anthu ndi njira zimene adadzera. Nyumba za makolo athu zidagwa, nsalu zawo zidaola, nkhokwe zidadyedwa ndi chiswe. Chotsala ndi ntchito ya oumba, amene maina awo adziwika kwa Mulungu yekha.

Ndipo kodi ife Akhristu tidabwe ndi zimenezi? Malembo atiphunzitsa kuti Mulungu mwini adaumba munthu woyamba ndi dothi. Pofuna kulangiza mneneri Yeremiya, adamtuma ku nyumba ya woumba mbiya, kuti akaone m'mene mmisiri aumbiranso chiwiya chimene chaonongeka m'manja mwake. Mayi wa ku Samariya adakomana ndi Ambuye atadza ndi mtsuko wake pachitsime. Ndipo Virigo Woyera, pa zaka zonse za ku Nazarete, adali mayi wa pamudzi, wotunga madzi, wophika, wosoka. Mpulumutsi wa dziko adakula ndi ntchito ya manja a mayi wosauka. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene adatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, adalembera kalata amayi a dziko lonse mu 1995, m'mene adawathokoza, navomerezanso kuti kawirikawiri ntchito zawo sizidalemekezedwe monga kuyenera. Ngati Papa sadachite manyazi kuvomereza, ine ndine yani?

Lero kwa Chikweo oumba atsala owerengeka, ndipo ambiri ndi okalamba. Zigubu ndi zidebe zapulasitiki zadzaza m'misika. Sindizinyoza ayi: nzopepuka, siziphwanyika pamjigo, ndipo zapeputsa makosi a ana athu aakazi. Nkhuni nazo zasowa, kotero kuti kuotcha kwakhala kovuta. Koma chimene chikupha ntchitoyi koposa ndi chipongwe cha ife ogula. Tilipira chigubu mtengo wotchulidwa osatsutsa, koma mayi wokalamba akabwera ndi mtsuko umene wamtengera masabata awiri, timtsitsa mtengo kufikira atagulitsa molira. Mtsikana woona zimenezi adzafuniranji kuphunzira? Achemwali anga adagona mu 2016, ndipo mwa ana awo aakazi palibe amene adatenga nkhulungo.

Chifukwa chake ndikupemphani zinthu zinayi, zimene banja lililonse likhoza kuchita popanda kudikira boma kapena mlendo.

Choyamba: ngati m'nyumba mwanu muli mtsuko, mkeka, mphasa, nsalu yopetedwa kapena mkanda umene adapanga amayi anu kapena agogo anu, funsani mbiri yake lero lomwe, adakali moyo oidziwa. Mwana wa sukulu atenge kope, alembe dzina la wopanga, mudzi wake, chaka, ndi tanthauzo la zokongoletsa zake. Ine ndikadachedwa zaka zowerengeka, mtsuko wanga ukadakhala wosalankhula mpaka kalekale.

Chachiwiri: pogula ntchito ya manja kwa mayi, lipirani mwachilungamo. Kumana wantchito malipiro ake ndi limodzi mwa machimo ofuulira kwa Mulungu, monga tidaphunzira m'katekisimu; ndipo wofinya mkazi wamasiye pa mtengo wa mphika sali kutali ndi tchimo limeneli.

Chachitatu: atsikana apite kusukulu, onse, ndipo atsirize, pa ichi pasakhale kukayika. Koma masiku a tchuthi alipo. Alekeni akhale pambali pa agogo awo, aphunzire kuumba, kuluka ndi kupeta. Cholembera ndi nkhulungo sizilimbana m'dzanja limodzi. Anyamata nawonso aphunzire kusenzera amayi awo dongo ndi kubzala mitengo ya nkhuni.

Chachinayi: ntchito ya amayi athu ilowe m'nyumba ya Mulungu. Amayi Achikatolika, a Legio ya Maria ndi a m'miphakati akambirane ndi Bambo Mfumu, kuti madzi odalitsa asungidwe mumtsuko woumbidwa m'mudzi momwemo, kuti pa Lachinayi Loyera mapazi asambitsidwe pa mkhate, ndi kuti maluwa a pa chifanizo cha Amayi Maria akhale m'kambiya ka kwathu m'malo mwa botolo lotayidwa. Ndipo pochita zimenezi dzina la woumba litchulidwe pamaso pa mpingo, kuti ana ake amve.

Kunyumba kwanga ndayamba chotere. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali mu Sitandade 7, apita Loweruka lililonse kwa mayi wina wachikulire wachisilamu wa mudzi woyandikana nafe, amene ankakumba dongo dzenje limodzi ndi achemwali. Nditapita kukawapempha adati: "Bwerani naye. Amayi anu adandiphunzitsa kukonza mlomo wa mtsuko. Ngongole imeneyi ndibweza kwa mwanayu." Ndidampatsa mdzukulu wangayo nkhulungo ya anganga. Miphika yake iwiri yoyamba idaphulika pamoto, ndipo adalira. Wachitatu udatuluka wopendekeka koma wolira bwino, ndipo agogo ake aphikiramo nyemba. Dzulo adandifunsa ngati aloledwa kudzaika mphini yachinayi pa mtsuko wake woyamba. Ndidamuuza kuti akafunse aphunzitsi ake a dongo, pakuti ine pa sukulu imeneyo ndidalephera.

Mtsuko wa amayi uli pamthunzi tsopano, pakona ya chipinda pamene tipempherera Korona madzulo, ndipo sugona wopanda madzi. Mlendo aliyense wofika ndimtungira ndekha, ndipo asadamwe ndimuuza dzina la amene adauumba. Inu amene amayi anu akali moyo, musadikire chifanizo cha mtengo kuti chikuphunzitseni. Pitani mwezi uno, khalani nawo pamphasa, gwirani manja awo, afunseni zimene manjawo adapanga. Ndipo pa Korona wa m'banja mwanu ndikupemphani Tikuoneni Maria mmodzi chifukwa cha mizimu ya amayi onse oumba, oluka ndi osoka a m'dziko lathu amene adagona, ndi mmodzi chifukwa cha ine.

Amayi Maria, Mayi wa Mulungu ndi Mayi wathu, asunge mabanja anu onse.

Ndine mbale wanu mwa Khristu,
Mphunzitsi wopuma, kwa Chikweo.